Chapel-le-Dale: Kamudzi ka M'mbali mwa Njanji ya Settle ndi Carlisle

Chapel-le-Dale ndi kamudzi ka m'chigawo cha North Yorkshire, kumpoto kwa England. Kali m'chigwa chopapatiza pakati pa mapiri awiri, Whernside ndi Ingleborough, pamsewu wa B6255 umene umachoka m'tauni ya Ingleton kulowera ku Hawes. Kuchokera ku Ingleton ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 6. Munthu akapitirira ndi msewu womwewo makilomita ena 3 amafika pa Ribblehead, pamene pali siteshoni ya sitima ndi mlatho waukulu wa njanji yochoka ku Settle kupita ku Carlisle. Kamudzika kalibe msika. Kali ndi tchalitchi chimodzi chaching'ono, nyumba zowerengeka, nyumba ya alendo yotchedwa Old Hill Inn, ndi mafamu a nkhosa omwazikana m'mbali mwa mapiri. Pa kayendetsedwe ka boma kali pansi pa Ingleton, ndipo mpaka chaka cha 1974 kanali m'chigawo chakale cha West Riding of Yorkshire.

Angerezi amasiyanitsa mudzi weniweni, umene amautcha village, ndi kamudzi kochepa kwambiri kotchedwa hamlet. Mwa chikhalidwe chawo chakale, kusiyanako kunkagona pa tchalitchi: mudzi unkakhala ndi tchalitchi cha parishi, pamene kamudzi kankadalira cha kwina. Koma m'madera a mapiri parishi imodzi inkakula kwambiri, moti anthu a kutali ankamangirako kanyumba kopemphereramo kuti asamayende mtunda wautali Lamulungu lililonse. Dzina la Chapel-le-Dale likuchokera pamenepo, ndipo limatanthauza katchalitchi ka m'chigwa.

Dziko la kumeneko ndi la miyala ya laimu. Mwala umenewu umasungunuka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, choncho pansi pa chigwachi pali mapanga ndi mauna ambiri. Mtsinje wotsika kuchokera ku Whernside umalowa pansi, n'kusiya khwawa louma, kenako n'kudzatulukiranso kumunsi kwa kamudziko, kumene umayamba ulendo wake ngati mtsinje wa Doe wopita ku Ingleton. Pafupi ndi tchalitchi pali maenje akuya a Hurtle Pot ndi Jingle Pot, komanso phanga la Weathercote, mmene madzi amagwa kuchokera pamtunda woposa mamita 20. Madzi akachuluka m'dzenje la Hurtle Pot amatulutsa phokoso lachilendo, ndipo anthu akale ankati mumakhala chimzukwa. Whernside, phiri lalitali kuposa onse a mu North Yorkshire, limafika mamita 736, ndipo Ingleborough limafika mamita 723. Mvula imagwa miyezi yonse, mphepo ya kumadzulo imawomba mwamphamvu, ndipo m'nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa. Mbewu sizichita bwino kumeneko. Chuma cha m'chigwachi chakhala chiri msipu.

Anthu anayamba kalekale kukhala m'derali. Aroma anadutsitsa msewu wawo m'mapiri amenewa kuchokera ku linga lawo la ku Bainbridge kulowera cha ku Ingleton, ndipo mbali ina ya msewuwo, yotchedwa Cam High Road, ikuonekabe. Pa Gauber, kufupi ndi Ribblehead, akatswiri ofukula zakale anapeza m'zaka za m'ma 1970 maziko a famu ya nyumba zamiyala pamodzi ndi ndalama zachitsulo za m'zaka za m'ma 800. Mayina a mafamu ena, monga Southerscales ndi Winterscales, akusungabe mawu a chinenero cha anthu ochokera ku Scandinavia otanthauza msasa wa abusa wa kumsipu. Pambuyo pake malo ambiri a m'chigwachi anakhala m'manja mwa amonke a ku Furness Abbey, amene ankaweta nkhosa zochuluka chifukwa ubweya ndiwo unali malonda aakulu a England masiku amenewo. Ulamuliro wa amonkewo unatha mu 1537, pamene Mfumu Henry VIII inalanda nyumba yawo ndi minda yake. Mafamuwo anapita kwa eni ena, koma nkhosa zinatsala, ndipo mipanda ya miyala yosanjikizidwa popanda matope ikadali kugawa msipu mpaka lero.

Tchalitchi cha St Leonard, chimene chilipo tsopano, chinamangidwa makamaka m'zaka za m'ma 1600. N'chachifupi, chamiyala yotuwa, ndipo mumakwana anthu ochepa. Mu 1751 msewu wa pakati pa Lancaster ndi Richmond unaikidwa m'gulu la misewu yolipiritsa, ndipo unkadutsa m'chigwa chomwechi. Pamsewu umenewu ndi m'njira zina za m'mapiri munkadutsa magulu a ng'ombe zochokera ku Scotland kupita ku misika ya kumwera, ndipo oziyendetsa ankagona pa nyumba ya alendo ya Gearstones, kumtunda kwa Ribblehead. Kunkabweranso alendo ofuna kuona mapanga. Katswiri wojambula zithunzi J. M. W. Turner anafika ku Weathercote n'kujambula phangalo. Komabe alendo onsewa ankangodutsa. Pofika m'zaka za m'ma 1860, Chapel-le-Dale kanali kamudzi ka alimi ochepa, ndipo manda a patchalitchi ankalandira maliro owerengeka pachaka.

Njanji inabwera chifukwa cha mkangano wa makampani awiri, osati chifukwa cha zosowa za anthu a m'chigwachi. Kampani ya Midland Railway inkafuna kufikitsa katundu ndi anthu ku Scotland, koma njanji yake inkathera pa Ingleton. Kuyambira pamenepo inkadalira njanji ya kampani yopikisana nayo, London and North Western Railway, imene sinkafuna kuthandiza mdani wake pa malonda. Pa Ingleton kampani iliyonse inali ndi siteshoni yake, ina tsidya lino la chigwa ina tsidya linalo, ndipo panali nthawi imene apaulendo ankatsika sitima n'kuyenda pansi ndi katundu wawo kukakwera ina. Ngakhale pamene zinthu zinakhalako bwino, mabogi a Midland ankamangiriridwa ku sitima zoyenda pang'onopang'ono. Akuluakulu a Midland anatopa nazo ndipo anaganiza zomanga njanji yawoyawo, yodutsa pamwamba pa mapiri a Pennines.

Nyumba ya Malamulo inavomereza ntchitoyi mu 1866. Posakhalitsa chuma cha dziko chinagwedezeka, makampani awiri aja anagwirizana, ndipo Midland inapempha kuti iloledwe kusiya. Mu 1869 aphungu anakana pempholo, mwa zina chifukwa makampani ena anali atadalira kale njanji yatsopanoyo. Choncho kampaniyo inayamba kumanga, kumapeto kwa chaka chomwecho, njanji imene iyo yomwe inali itafuna kuithawa. Injiniya wamkulu anali John Sydney Crossley. Njanjiyo inali ya makilomita pafupifupi 117, ndipo popeza inkamangidwira sitima zothamanga, mainjiniya analamula kuti isakwere kuposa mita imodzi pa mamita 100 alionse. Lamulo limeneli ndilo linabala ntchito yonse yolemetsa: kumene kunali chigwa kunafunika mlatho, ndipo kumene kunali phiri kunafunika kuliboola. Panamangidwa njira 14 za pansi pa mapiri ndi milatho ikuluikulu pafupifupi 20. Malo okwera kwambiri, pa Ais Gill, ali pa mamita 356.

Chigawo chovuta kuposa zonse chinali pakhomo penipeni pa Chapel-le-Dale. Kumutu kwa chigwachi kuli dambo lalikulu lotchedwa Batty Moss, ndipo kuseri kwake kuli chitunda cha Blea Moor. Padambopo panamangidwa mlatho wa Ribblehead, wautali mamita 400, wokwera mamita 32, wokhala ndi makhomo 24 okhota ngati uta. Mwala woyamba unaikidwa mu Okutobala 1870. Amisiri anakumba mamita pafupifupi 8 m'matope kuti afike pa thanthwe loti nsanamira zikhalepo. Nsanamira yachisanu ndi chimodzi iliyonse anaimanga yonenepa kuposa zinzake, n'cholinga choti ina ikagwa isagwetse mlatho wonse. Miyala inkaswedwa chapafupi pomwepo, ndipo njerwa zinkaotchedwa pamalo pomwepo ndi dothi la m'deralo. Pansi pa Blea Moor anaboola njira ya mamita oposa 2,400. Anakumba zitsime kuchokera pamwamba pa chitundacho kuti magulu angapo azigwira ntchito nthawi imodzi, ndipo anthu ankatsitsidwa m'menemo kukaswa thanthwe ndi zophulitsira, akuunika ndi makandulo.

Ogwira ntchito yotereyi ankatchedwa navvies, dzina limene linayambira pa anthu okumba ngalande za mabwato m'zaka za m'ma 1700. Anali amuna oyendayenda, otsata ntchito kulikonse kumene yapezeka, ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za England, ena ku Wales, Scotland ndi Ireland. Zida zawo zinali piki, fosholo ndi wilibala. Pa njanji yonseyi ankafika 6,000 pa nthawi imene ntchito inali pachimake, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali kuchigawo cha Ribblehead. Malipiro awo ankaposa a wantchito wa pafamu, komabe ambiri sankakhalitsa. Matope a padambopo ankameza mateyala a ngolo, moti katundu wina ankanyamulidwa ndi chinthu chonga mgolo waukulu chogubuduzika, chokokedwa ndi mahatchi. Mphepo ikakula, omanga sankatha kuima pamwamba pa mlatho. Kontilakitala woyamba wa chigawochi, John Ashwell, ndalama zinamuthera, ndipo mu 1871 kampani ya Midland inatenga ntchitoyo n'kuiyendetsa yokha.

Popeza kunalibe mudzi woti n'kusunga khamu lotere, padambopo panamera midzi ya zisakasa zamatabwa zofoleredwa ndi nsalu zopaka phula. Waukulu unali Batty Green, umene unkatchedwanso Batty Wife Hole. Ina inapatsidwa mayina a kutali: Sebastopol ndi Inkerman, pokumbukira nkhondo ya ku Crimea ya m'zaka za m'ma 1850, Jericho ndi Jerusalem, a m'Baibulo, Salt Lake, komanso Belgravia, dzina la dera la anthu olemera mu London, limene pano liyenera kuti linali nthabwala. M'midzi imeneyi simunali amuna okhaokha. Munali akazi ndi ana ambiri, ndipo banja limodzi linkasunga anyamata angapo osakwatira m'nyumba yomweyo, mayi wa panyumbapo n'kumawaphikira ndi kuwachapira. Ku Batty Green kunali masitolo, positi ofesi, sukulu, chipinda chowerengeramo mabuku ndi nyumba yopemphereramo, ndipo mlaliki wina, James Tiplady, anatumizidwa kukatumikira kumeneko. Mowa unalinso wambiri, ndewu sizinkasowa tsiku la malipiro, ndipo milandu yake inkakazengedwa ku Ingleton. Mbiri yoti anthuwa anali zidakwa zokhazokha inafala kwambiri, koma sukulu ndi zipinda zowerengera zija zikusonyeza kuti ambiri anali mabanja wamba ofunafuna chakudya pamalo ovuta.

Kwa zaka zingapo, midzi ya zisakasayi inaposa Chapel-le-Dale kutalitali pa chiwerengero cha anthu. Koma inalibe chinthu chimodzi, ndicho manda. Manda odalitsidwa apafupi anali a patchalitchi chaching'ono chija, makilomita 3 kumunsi kwa chigwa, ndipo apa ndi pamene mbiri ya kamudzika inakumana ndi ya njanji.

Pakati pa 1870 ndi 1877, anthu oposa 200 ochokera m'midzi ya njanji anaikidwa m'manda a Chapel-le-Dale. Ena anafa pangozi: kugwa kuchokera pamlatho, kupsinjidwa ndi ngolo za miyala, kuphulikiridwa ndi zophulitsira. Koma ambiri anafa ndi matenda, ndipo gawo lalikulu la akufawo linali la ana aang'ono ndi makanda. Nyumba zinali zothithikana, madzi akumwa anali osatetezeka, zimbudzi zinali zosakwanira, ndipo chinyontho cha padambo sichinkachoka m'nyumba. Mu 1871 kunabuka nthomba. Kampani inamanga kachipatala kamatabwa ku Batty Green kosungiramo odwala paokha, koma nthendayo inali itafala kale, ndipo mabanja ena anataya ana angapo motsatizana. Chaka chomwecho manda a patchalitchi anadzaza, ndipo anachita kuwakuza. Kampani ya Midland inapereka mapaundi 20 othandizira ntchitoyo. Poyerekeza ndi ndalama zoposa mapaundi 3 miliyoni zimene njanji yonse inadya, thandizo limeneli linali kadontho chabe.

Ambiri mwa manda amenewa alibe mwala kapena chizindikiro chilichonse, chifukwa achibale analibe ndalama, kapena anasamuka ntchito itatha. Mayina awo anatsala m'buku la maliro la tchalitchi. Mmodzi mwa ochepa amene ali ndi mwala wolembedwa ndi Job Hirst, kontilakitala wamng'ono woyang'anira omanga mlatho, amene anamwalira mu 1872. M'kati mwa tchalitchi muli chikumbutso cha mwala wosalala, chimene analipirira ndi antchito anzawo pamodzi ndi kampani. Chimakumbukira amuna amene anafa pangozi pomanga njanji pakati pa Settle ndi Dent Head. Za akazi, ana ndi onse amene anatengedwa ndi nthomba, mwalawo sunena kanthu. Mpata umenewu unadzatsekedwa mochedwa, mu 2000, pamene m'manda munaikidwa mwala wina wokumbukira amuna, akazi ndi ana onse a m'midzi ija.

Sitima za katundu zinayamba kuyenda mu Ogasiti 1875, ndipo zonyamula anthu zinayamba pa 1 Meyi 1876. Zisakasa zinagwetsedwa, matabwa anagulitsidwa kapena kunyamulidwa, ndipo anthu anabalalika kukafuna ntchito kwina. Padambopo panatsala mizere ya maziko, njira za tinjanji tonyamulira miyala ndi milu ya njerwa zosweka, zonse zomera udzu. Pa Salt Lake kampani inamanga nyumba zamiyala za antchito okhazikika a njanji, ndipo dzinalo linapulumuka pa nyumba zimenezo. Chapel-le-Dale sikanakule. M'madera ena a England njanji inkasandutsa kamudzi kukhala tauni, koma kuno sitima zofulumira zinkangodutsa pamwamba pa dambo kuthamangira ku Scotland. Phindu limene alimi anapeza linali losavuta kuwerenga: malasha anayamba kufika mosavuta, ziweto zinkakwezedwa pa siteshoni, ndipo miyala ya m'deralo inapeza njira yopitira kumsika. Malonda a oyendetsa ng'ombe wapansi, amene njanji zina zinali zitawafooketsa kale, anatheratu.

Siteshoni ya Ribblehead inakhala ngati bwalo la anthu a kumutu kwa chigwachi. Kwa zaka zambiri, mpaka m'ma 1950, m'chipinda chodikiramo sitima munkachitika mapemphero, kuti mabanja a antchito a njanji asamayende mtunda wopita ku tchalitchi. Kuyambira mu 1938 mkulu wa siteshoni ankatumizanso malipoti a zanyengo, popeza malowo ndi okwera ndiponso amphepo. Mphepo ya pa Ribblehead inatchuka pakati pa oyendetsa sitima zamalasha, amene ankafika pamlathowo atakwera kale chitunda chachitali kuchokera ku Settle, wothira malasha ali thukuta kamukamu.

Itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, njanji za ku Britain zinakhala za boma mu 1948, ndipo magalimoto anayamba kulanda anthu ndi katundu. Mu Meyi 1970 masiteshoni ang'onoang'ono a pa njanjiyi anatsekedwa, kuphatikizapo Ribblehead. Anatsala otsegula ndi a Settle ndi Appleby okha. Mlatho nawo unayamba kuwonongeka chifukwa madzi ankalowa m'miyala n'kumaundana m'nyengo yozizira. Kumapeto kwa 1983 bungwe la British Rail linalengeza kuti likufuna kutseka njanjiyo, ponena kuti kukonza mlatho wa Ribblehead kungadye ndalama zochuluka zedi. Anthu oposa 20,000 analemba zotsutsa, makhonsolo a m'deralo anagwirizana nawo, ndipo pakati pa otsutsawo panali galu wotchedwa Ruswarp, amene anadinda phazi lake pa chikalata chifukwa ankalipira akakwera sitima. Ron Cotton, mkulu amene British Rail inamuika kuti ayendetse ntchito yotsekayo, anawonjezera sitima ndi kutsitsa mitengo ya matikiti, ndipo okwera anachuluka kangapo konse. Mu 1986 masiteshoni asanu ndi atatu anatsegulidwanso, Ribblehead ili m'gulu lomwelo. Kafukufuku wina anaonetsa kuti mlatho ungakonzedwe ndi ndalama zochepa kuposa zimene zinanenedwa poyamba. Pa 11 Epulo 1989 boma linakana kuti njanjiyo itsekedwe. Nduna yoona za njanji nthawi imeneyo inali Michael Portillo. Mlatho unakonzedwa m'zaka zotsatira, ndipo pamwamba pake pali njanji imodzi m'malo mwa ziwiri.

Masiku ano chigwachi chiri m'malo otetezedwa a Yorkshire Dales National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1954. Mlatho wa Ribblehead uli pa mndandanda wa zomangamanga zotetezedwa ndi lamulo, ndipo mabwinja a midzi ya zisakasa nawonso ndi otetezedwa, kotero kuti palibe wololedwa kukumbapo. Mu 2016 kanema wa ITV anaonetsa sewero lotchedwa Jericho, lopeka, koma lotengera moyo wa m'midzi imeneyi. Ulimi wa nkhosa ukupitirira, ngakhale kuti ndalama zambiri tsopano zimabwera ndi alendo. Ochuluka mwa iwo ndi oyenda ulendo wa mapiri atatu, Pen-y-ghent, Whernside ndi Ingleborough, wa makilomita pafupifupi 39, umene ambiri amayesa kuutsiriza m'maola 12. Njira yawo imadutsa m'munsi mwa mlatho, kukwera Whernside, n'kutsikira pamsewu pafupi ndi Old Hill Inn asanayambe kukwera Ingleborough. Tchalitchi chiri chapatali pang'ono ndi njira imeneyi, m'kamsewu kakang'ono kobisika ndi mitengo, ndipo ambiri amadutsa osachiona.

Sitima za pakati pa Leeds ndi Carlisle zimaima pa Ribblehead tsiku lililonse, ndipo m'nyumba yakale ya siteshoni muli chipinda chofotokoza mbiri ya njanjiyi. Wofuna kuona manda a omanga njanji amatsika pamenepo n'kutsata msewu wa ku Ingleton makilomita 3, mpaka pa tchalitchi cha St Leonard.